Tsiku Limene Agogo Aakazi Anakhala M'buti

Fungo la mafuta a mabuleki likangondipeza, ngakhale pagalaja ya m'tauni, ndimabwerera kwathu kwa Malemia, kumene agogo anga aamuna, a Namakhwa, ankagona chagada pachiguduli, miyendo yokha ili kunja kwa galimoto, utsi wa kukhitchini ukuwapita m'maso, iwo akutsokomola ndi kung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe imene sankaimaliza. Galimotoyo inali yachifalansa, yakalekale. Anawasiyira mzungu wina amene ankamuyendetsa ku Zomba. Ukaizimitsa inkagwada pang'onopang'ono, ukailiza inkadzuka, kuyambira kumbuyo ngati ng'ombe. Inalibe masipuling'i. Inkaimirira ndi mafuta obiriwira, ndipo mafuta omwewo ndi amene ankagwiritsa mabuleki.

Chaka chimene mayi anga aang'ono, a Esinati, ankakwatiwa, agogo aamuna analengeza kuti mwana wawo wotsiriza apita kutchalitchi ku Domasi Mishoni pagalimoto ya bambo ake. Tsoka ilo, mabuleki anali atalowa mpweya. Tsiku lina pa Songani galimoto inakana kuima, nkukatsamira mulu wa nzimbe za eni, msika wonse ukuonerera.

"Mwana wanga sakwera bokosi la maliro limenelo," anatero agogo aakazi. "Akwera lole ya kuchimuna."

Tsiku limenelo agogo aamuna sanadye. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

M'mawa wa Lachisanu, ukwati uli mawa lake, amuna onse ali kalikiliki kumanga chisakasa, agogo aamuna anaitana ine. "Mkazi wanga, tabwera kuno!" Umu ndi mmene ankanditchulira, mwa nthabwala za agogo ndi mdzukulu. Anandikhazika pampando wa dalaivala, injini ikulira, nkundionetsa buleki, kanthu kakang'ono kozungulira ngati bowa. Iwo analowa pansi ndi sipanala, kapaipi ndi botolo. Akati "Ponda!" ine ndinkaponda, iwo ankamasula kabawuti ka patayala, mafuta nkumatsikira m'botolo ali thovu lokhalokha, mpaka ayambe kutuluka oyera bwino. "Gwira pompo!" Kenako ankamanga. Kutsogolo tinamaliza dzuwa lisanatenthe.

Kumbuyo ndiye kunavuta. Anali atakukweza pazipika, matayala ali lende, monga amachitira aliyense ndi galimoto iliyonse. Ndinaponda mpaka mwendo kunjenjemera, koma osatuluka ngakhale dontho. Agogo anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana botolo. Mwadzidzidzi anadzimenya pamphumi.

"Ukalamba ndi woipa! Iyi kumbuyo imagwira molingana ndi katundu. Ikamva kuti yapepukidwa, situmizako mafuta."

Anaitsitsa, nkusiya zipika pansi pake kuti ikagwada isawaphwanye. Koma katundu akanamutenga kuti? Matumba onse a chimanga anali atapita kuchigayo. Maso awo anayendayenda pabwalo mpaka anakaima pa agogo aakazi, amene anali pakhonde akusola nandolo. Agogo aakazi, kunena zoona, Mulungu sanawamane thupi.

"Mayi a Esinati, tabwerani mudzakhale m'butimu."

"Ine? Mwandiona ngati thumba la feteleza?"

"Ayi ndithu. Koma pamudzi pano palibe wina amene galimotoyi ingamumvere."

Agogo aakazi anayesa kukwinya nkhope, koma phwete linawapulumuka. Ananyamula lichero lawo, nkuitana anzawo awiri amene ankatakasa thobwa kuseri. Atangokhala, galimoto inatitimira, kenako inabuula, nkuyamba kudzuka nawo onse atatu. "Mayo ine, yamoyo iyi!" anakuwa mmodzi, atagwira chitenje cha mnzake.

"Ponda, mkazi wanga!"

Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse. Pansi panamveka kuti fwiii, thovu linathamangira m'botolo, ndipo pambuyo pake panabwera mafuta obiriwira, opanda kathovu nkamodzi komwe. Agogo anatuluka pansi paja akuseka, mano okha akuwala pankhope yamafuta.

Panatsala kuiyesa pachitsikira cholowera kumtsinje. Anzawo aja anathawa, koma agogo aakazi anazungulira nkukhala kutsogolo, lichero lili pamiyendo. "Ngati ikufuna kupha munthu, iyambe ndi ine, osati mwana wanga." Tinatsika, fumbi lili koboo kumbuyo. Pafupi ndi kamlatho agogo aamuna anaponda buleki. Galimoto inaima nji, nandolo yense waa pagalasi. Kenako agogo aakazi anatulutsa mutu pazenera nkuimba nthungululu imene inamveka mpaka kuchisakasa.

Mawa lake a Esinati anatsika pakhomo la tchalitchi bambo awo atawatsegulira chitseko, lole ya kuchimuna ikubwera m'mbuyo ndi a kwaya. Aliyense woyamikira galimoto, agogo aakazi ankamuuza kuti mabuleki akewo anakonza ndi iwo. Agogo aamuna ankangovomereza ndi mutu.

Patapita zaka agogo aamuna anamwalira, ndipo amalume anabwera ndi munthu wogula zitsulo zakutha. Ndinalipo, ndili mayi kale, ndipo mawu amene ndinamva tsiku limenelo ndi amene ndimayenda nawo mpaka lero, makamaka ine ndi amuna anga tikasemphana. Agogo aakazi, ali ndi ndodo, anaima kutsogolo kwa galimoto imene inali itagwada mpaka kalekale.

"Bwererani, bambo," anatero. "Galimoto yathu sitikugulitsa."