Masamu saphunzirika pamzere wa feteleza

Lachiwiri lapitali ndinapsa mtima mpaka kuiwala kupereka moni, ine mphunzitsi wa masamu amene ndimadzudzula ana asukulu akandidutsa osalonjera.

Ndinkapita ku Lisasadzi kukaona mlongo wanga. Ndisanafike pakhomo ndinadzera pa depoti pamene akugulitsira feteleza wa makuponi. Mzere unali utazungulira mpanda, dzuwa likuswa mtengo. Pakati pa mzerewo ndinaona Tiyamike, mwana wamkazi wa mlongo wangayo, ataima ndi kope m'manja, milomo ikugwedezeka ngati akuchita kolona.

Tiyamike ali m'chaka chachiwiri ku yunivesite, akuphunzira za makompyuta. Analephera phunziro limodzi, masamu amene kumeneko amati disikiriti, ndipo amupatsa mwayi wolembanso kumapeto kwa mwezi uno. Akalepheranso, amuchotsa sukulu.

"Wayamba liti kuima pano?" ndinamufunsa.

"Lero ndi tsiku lachitatu, amalume. Akuti galimoto ya feteleza ibwera mawa."

"Nanga mayeso?"

"Ndikuwerenga pompano. Mayankho onse a m'kopemu ndawaloweza."

Ndinati ndimuyese. Ndinaloza anthu asanu ndi mmodzi amene anali patsogolo pake. "Anthu awa angaime pamzere m'njira zingati zosiyana?"

Sanachedwe: 720. Funso lotere lili m'kope mwake.

"Chabwino. Nanga amayi awiri awa atakhala kuti anayambana, sakufuna kuima moyandikana, njira zitsala zingati?"

Anatembenuza masamba mpaka kumapeto kwa kope, nabwereranso koyamba. Kenaka anandiyang'ana misozi ikulengeza m'maso. "Limeneli sanatipatse, amalume."

Abale anga, masamu amenewa ndi owerengera njira, kusanja zinthu, ndi kutsimikizira sitepe ndi sitepe kuti chimene ukunena nchoona. Wolemba mayeso sabwereza funso la m'kope. Amangolisintha pang'ono, monga ndinachitira ine, woloweza uja nkusowa pogwira. Munthu amafunika kukhala pansi, kutseka kope, kutenga pensulo ndi pepala. Funso likakula amalichepetsa: ayambe ndi anthu atatu, awajambule, aone chimene chikuchitika. Alakwitse, afufute, ayambirenso. Kodi zimenezi munthu angazichite ataima, kuponi ili m'chitenje, wina akumukankha kumbuyo?

Nditafika pakhomo ndinapeza alamu anga, bambo ake a Tiyamike, akukonza chigafa cha fodya. Moni sindinapereke.

"Alamu, mwana ali ndi mayeso oti akalephera sukulu yathera pomwepo. Mwamuimika pamzere masiku atatu?"

"Khalani kaye pansi, alamu," anatero mosatekeseka. "Mwanayu ndi wophunzira, a pa depoti sangamupusitse. Komanso buku ali nalo m'manja. Kuwerenga kumafuna miyendo ngati? Pakhomo pano amangokhala, kulembalemba nkumafufuta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Feteleza tikamuphonya chaka chino, tidya digiri?"

Sindikunena kuti alamu anga ndi munthu woipa. Njala tonse tikuidziwa, ndipo matumba awiri amenewo ndiwo chimanga cha banja lonse. Chimene chikundiwawa nchakuti maganizo awo ndi a tonsefe kuno. Kwa ife ntchito ndi imene imatulutsa thukuta. Mwana akakhala pampando ndi pensulo timamuona ngati munthu wopanda chochita, ndiye woyamba kutumidwa: kuchigayo ndi iye, kumaliro akutali ndi iye, pamzere ndi iye. Tikamuona atatsegula buku panjira timakhutira kuti sukulu ikuyenda.

Mlimi wa fodya yemweyo sangalole kuti munthu asankhe masamba akuyenda. Amadziwa kuti wosankha amakhala pansi, pamalo owala, tsamba lililonse kuligwira ndi manja. Bwanji zikafika pa sukulu ya mwana nzeru imeneyi imathawa?

Nafenso aphunzitsi tisadziyeretse. Ku sekondale timawadyetsa ana mayankho a mayeso akale mpaka kukhoza. Amafika ku yunivesite akuganiza kuti kudziwa masamu ndiko kukumbukira tsamba. Tiyamike anadutsa m'manja mwathu, ndipo njira yolowezayo tinamuphunzitsa ndife. Zimenezi zimandichititsa manyazi.

Lachitatu m'mawa ndinatenga kuponi ija nkukaima pamzere ndekha, tayi ili pakhosi. Tiyamike ndinamusiya patebulo ndi funso la amayi oyambana lija, kope lake nditalitsekera m'chikwama changa. Feteleza anabweradi masana, ndipo ndinabwera naye pa njinga ya kabaza, msana ukundiwawa.

Ndinapeza mwana atadzaza masamba atatu. Koyamba anapeza 600, nazindikira yekha kuti walakwitsa atayesa ndi anthu atatu okha. Kachiwiri anasokonezeka pakati. Kachitatu anawamanga amayi awiri aja ngati munthu mmodzi, nawerenga njira zimene angaimire pamodzi, nkuzichotsa pa zonse. Anapeza 480. Sanandifunse ngati wakhoza. Anandifotokozera chifukwa chake yankho silingakhale lina, ndipo ndinasangalala kuposa mmene ndinasangalalira nditaona galimoto ya feteleza.

Alamu anga anasuzumira patebulo, napukusa mutu. "Tsiku lathunthu, funso limodzi. Mapepala atatu."

"Eya, alamu. Lero ndiye waphunzira."

Ndinabwerera kuntchito Lachinayi nditawapempha kuti amusiye mwana masabata awiri okha. Anavomera ndi pakamwa. Dzulo mlongo wanga wandiimbira foni kuti Tiyamike akuthirira nazale ya fodya m'mawa ndi madzulo, kudambo kutali, chifukwa mbande sizidikira mayeso. Masana amafika patebulo atatheratu ndi kunyamula kheni yothirira, nkugona pomwepo.

Mwanayu akadzabwera ndi chikwama chake atachotsedwa sukulu, ndikudziwa kale zimene zidzanenedwe pachitsime ndi pabwalo la tchalitchi. Adzati atsikana a masiku ano akapita ku koleji amakatanganidwa ndi zibwenzi. Kodi pa tsiku limenelo, alipo mmodzi mwa ife amene adzaimirire nkunena kuti mwanayu sanalephere yekha, tinamulepheretsa ndife?