Nsalu ya Mawu ya Mwana wa Telala

Inu amene mukuona ngati anthu anakuweruzani kale, imvani za mtsikana wina, mwana wa telala.

Anabadwa lilime ndi manja zili zolimba. Kumva ankamva zonse, koma mawu sankatuluka. Ali ndi zaka naini, ahedi anaitanitsa bambo ake ku ofesi, iye ali pomwepo pa njinga yake ya olumala.

"Bambo, mwanayu akungotenthetsa mpando. Teremu ino ikatha osaonetsa kuti akutolapo kanthu, azikhala kunyumba."

Mtsikanayo anamva.

Bambo ake, munthu wosadziwa kukangana, anangokakhala pa makina. Anasoka nsalu ya timatumba, kathumba kalikonse khadi lake la chithunzi: madzi, njala, chimbudzi, zikomo. Aphunzitsi anaiyala pa desiki kuti aziloza. Patangotha masiku atatu, mtsikanayo anaikankhira pansi. Anzake akukangana za mpira, iye azingoti zikomo tsiku lonse?

Aphunzitsi sanamukalipire. Anayang'anitsitsa makhadiwo, kenako anafunsa kalasi: "Inuyo chifikireni m'mawa, mwalankhula mawu anji?"

"Bodza!"

"Sendera uko!"

"Aphunzitsi, uyu waphwisa!"

Ana anafa nako kuseka. Mtsikanayo anaseka mpaka kutsokomola, uku akumenya desiki. Aphunzitsi analemba mawu onse, osasiyapo ndi limodzi lomwe.

Telala atawerenga mndandandawo anagwira pakamwa. "Nazonso izi ndizisokere matumba?"

Aphunzitsi anati, "Sokani, bambo. Mwana sakula ndi zikomo yekha."

Nsalu inakula. Panabwera manambala, zilembo, ndi mawu ena amene mtsikanayo ankasankha yekha. Koma kuloza inali ntchito. Iye akafuna uku, dzanja linkapita uko. Ankabwereza mpaka thukuta kamukamu, mawa lake n'kuyambiranso.

Sabata yomaliza ahedi anabwera ndi mafunso khumi. "Seveni kuchulukitsa ndi sikisi?"

Dzanja linanyamuka pang'onopang'ono n'kukagwera pa folo. Ahedi anapukusa mutu, natseka buku. "Folo? Mwaonatu, aphunzitsi..."

Dzanja linakhota n'kumenya khadi la pakona. Aphunzitsi anawerenga mokweza, osaseka n'komwe: "Akuti dikirani, sindinamalize."

Chala chinayenda, chinayenda, n'kuima pa thuu. Fote thuu.

Ahedi anakhala pa kampando ka ana, mawondo kufika m'chibwano, n'kuyang'ana mtsikanayo. "Pepani, mayi. Ndifunse lachiwiri?"

Chala chinaloza: "Fulumirani."

Amene anaseka kwambiri tsiku limenelo anali ahedi omwewo. Mtsikanayo anakhoza mafunso eyiti, ndipo malo ake m'kalasi sanawakhudzenso munthu.

Lero ndi mayi wamkulu. Amalankhula ndi foni yotulutsa mawu, ndipo amayenda m'masukulu kuphunzitsa aphunzitsi kukonza makhadi ndi kudikira mwana amalize.

Mwina inunso mwangoloza nambala yoyamba, anthu atseka kale buku. Asiyeni apukuse mitu. Inu musataye mtima, dzanja lisabwerere panjira. Malizani yankho lanu.