Kumapeto kwa Mzere wa Kwinini

Sukulu ya kumishoni ndinaisiya ndekha, palibe amene anandithamangitsa. Ndinatopa ndi kupalira munda wa aphunzitsi m'mawa, masana n'kumabwereza mawu a Chingerezi ngati chinkhwe. Pa zonse zimene anatiuza ndinatolapo chimodzi. Tsiku lina aphunzitsi anathira mchere m'kapu ya madzi n'kutakasa, mchere unasowa. Anawonjezera, unasowanso. Atapitiriza, wina unangokhala pansi, chinkana anatakasa mpaka mkono kutopa. Anati madzi akhuta. M'kapu ina anathiramo choko chopera. Madzi anayera ngati mkaka, koma atakhala pang'ono choko chonse chinadikha pansi, pamwamba n'kukhala madzi wamba. Anzanga analemba zimenezi pa sileti, kenako anafufuta ndi malovu. Ine ndinapita kukathyola tiyi pa esiteti imene bambo anga ankagwira ntchito.

Bambo anga anabwera kuno ali kumsana, kuchokera kuseri kwa phiri la Mulanje, dziko la Apwitikizi. Zimenezi sankafuna kuzimva. Anali atakwezedwa kukhala kapitawo wamng'ono, ali ndi jekete la khaki ndi ndodo. Tiyi sankamwa chifukwa cha mpingo, koma kukalipira anthu othyola tiyi mpingo sunawaletse. Anthu ongofika kumene kuchokera kwawo komweko bambo ankawatchula dzina lachipongwe lomwe iwonso anakula akutchulidwa. Chilomwe ankachilankhula ndi amayi okha, chitseko chili chotseka.

Mvula ikayamba, malungo ankalowa m'malayini monse, mmene antchito ankakhala. Pafupi ndi fakitale panali kanyumba ka malata kolandirirako kwinini. Wopereka mankhwalayo anthu ankamutcha adokotala, ngakhale udokotala wake unali jekete loyera ndi kiyi wa kabati basi. M'mawa ankathira ufa woyera m'chibotolo chachikulu, n'kudzazamo madzi ozizira a pachitsime, n'kuchigwedeza mwaulesi. Akatero ankapita kukacheza ndi makalaliki mpaka belu lilire. Pobwera ankangopendeketsa chibotolo n'kumathira m'kapu yachitini, munthu kumwa, wina kubwera.

Mzerewo unali ndi mwambo wake. Kutsogolo kunkaima mabanja a makalaliki, kenako a makapitawo, kenako akhristu okhala ndi nsapato, kenako anthu akale pa esiteti. Obwera kumene ankaima kumapeto, padzuwa kapena pamvula. Akutsogolo ankamwa madzi oyera owawa pang'ono chabe, n'kumati, "Ifetu timalandira abwino." Akumapeto ankalandira phala loyera lokanda pakhosi. Ena ankasanza pomwepo. Mkulu wina anakhala masiku angapo osamva kanthu, makutu akungolira. Akutsogolo aja ankaseka, amvekere a kumbuyo akumwa masese.

Ine nditadwala ndinafika mochedwa, ndipo ndinaima kumapeto chifukwa chodana ndi kupempha malo m'dzina la bambo. Ndili pamenepo ndinayang'ana chibotolo chija. Pamwamba madzi, pansi ufa wokhuthala ngati chala. Choko cha aphunzitsi chenicheni. Madzi ozizira anali atatengako pang'ono n'kukhuta, wotsalawo n'kugona pansi. Kutsogolo kwanga kunali mayi wina wachilomwe, wothyola tiyi m'gulu la bambo anga. Iye ankabwera ndi kachikho kake. Atathiridwa phala lija anapita pambali, natulutsa ndimu m'nsalu n'kufinyiramo. Ndinaona kuyera kuja kukutha, mpaka m'chikho munangokhala madzi.

"Mayi, mwawatani mankhwalawo?"

"Ndikuwanyenga, mwana wa akapitawo. Pakhosi sakanda akatere."

Anandilawitsa. Anali owawa kuposa poyamba, lilime mpaka kuuma. Ufawo sunapite kulikonse. Unali utalowa m'madzimo monga mchere uja, chifukwa zimene madzi okha anakana, madzi owawasa anavomera.

Pasanapite nthawi mlongo wanga wamng'ono anagwidwa malungo. Anali mwana wosatha kukhala pansi, koma anangoti lambaa pamphasa, mano akugogoda. M'mawa uliwonse bambo ankamunyamula okha, jekete lili pathupi, n'kukamuimika pambuyo pa ana a makalaliki. Ankamwa madzi ake aja n'kubwerera. Thupi silinazizire. Maso anayamba kulowa, phala akulikana.

Ndinayamba ndi adokotala. "Bwana, musanathire muzigwedeza chibotolocho."

Anandiyang'ana kumapazi. "Iwe si uja unathawa sukulu? Unathawa usanafike pa buku la kugwedeza?" Makalaliki anaseka mpaka wina kutsokomola.

Madzulo ake ndinalankhula ndi bambo, akutsuka mapazi pakhonde.

"Ababa, mwanayu akumwa madzi. Mankhwala ali pansi. Mawa tikaime kumbuyo."

"Kumbuyo kwa yani?"

"Kwa mzere."

"Mwana wanga akaime ndi anthu aja? Akamwe zotsala? Ndavutikira chiyani zaka zonsezi?"

"Mwavutikira malo olandirirapo madzi a pachitsime."

Anandiponyera chikho. Amayi ali m'nyumba anangoti, "Mverani bambo anu, achimwene," mwa mawu aja amene amalankhulira akakhala kuti sakugwirizana nazo koma akuopa.

M'mawa mwake bambo anaitanidwa kumunda wa kumtunda belu lisanalire, ndipo analamula kuti mwanayo ndipite naye ineyo, ndikamuimike pa malo a banja lathu. Amayi anandiberekesa mwanayo. Pondimangirira nsalu anandilowetsera kabotolo kopanda kanthu m'thumba. Ndinadutsa ana a makalaliki, ndinadutsa a nsapato, ndinakaima kumapeto kwenikweni. Mayi wa ndimu uja anali pomwepo.

"Ee, taonani! Ufumu watsikira kuno lero," anatero. "Tikuyalireni mphasa?"

"Ndimu muli nayo?"

Anayang'ana mwanayo, nasiya kuseka. Anandipatsa ndimu, n'kumuphimba mutu ndi nsonga ya nsalu yake, akumulankhula m'Chilomwe. Mwanayo, ngakhale anali wofooka, anayankha m'Chilomwe chomwecho, anthu onse akumva.

Phala lija sindinamumwetse momwemo, poti ndinkakumbukira mkulu wa makutu uja. Ndinalitsanulira m'kabotolo. Adokotala sanafunse, kumapeto kwa mzere sankayang'ana nkhope. Ndikutembenuka, bambo anali akutsika ndi gulu lawo, madengu pamsana. Anaima. Anaona mwana wawo ali ndi nsalu ya wantchito wawo kumutu. Kenako anapitirira ndi gulu lawo.

Kunyumba ndinafinyira ndimu m'kabotolo mpaka kuyera kutatha, ndinawonjezera madzi owiritsa, ndipo amayi ankamupatsa pang'onopang'ono pa supuni. Mwanayo ankalira ndi kuwawa, akuti m'makutu muli njuchi. Masiku otsatira ndinkakaima ndekha kumapeto kuja ndi kabotolo. Thukuta linatuluka, thupi linazizira. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinamupeza pakhonde akulimbana ndi nzimbe.

"Achimwene, mankhwala anu aja ndi oipa," anatero.

Pa Sabata bambo anaimirira m'tchalitchi kuthokoza chifukwa cha mapemphero, ndiponso chifukwa cha azungu amene amasamala antchito awo. Anthu anati ameni. Titabwerera anandiuza kuti nyumba yawo siingasunge munthu amene anawavula pamaso pa gulu lawo. Ndinatenga bulangete ndi mphasa, ndinakakhala kumalayini a mbeta zachimuna. Mayi wa ndimu uja anamusamutsira ku munda wa kumtunda, kumene tiyi ali pamalo otsetsereka ndipo dengu limachedwa kudzaza.

Mlongo wanga ali moyo, ndipo watalika kuposa amayi. Chibotolo chija mpaka lero sachigwedeza. Mvula yapitayi malungo anagwira bambo. Ndinawaona ndikupita kumunda, ali pa malo awo pambuyo pa makalaliki, mabatani onse a jekete ali omanga, akunjenjemera. Anamwa kapu yawo, anapukuta pakamwa, n'kuthokoza adokotala. Madzulo amayi anabwera kumalayini ndi kabotolo kaja m'nsalu. Anati mawa ndikadzaze kumapeto kwa mzere, iwo aziwauza bambo kuti ndi mankhwala ochokera kumishoni.