Za Wothyola Tiyi wa Mawaya Amene Ndinamuikira Mota

1. Za ine ndi ntchito ya manja anga

Ine wolemba ndine mwamuna wopuma pantchito, wobadwira ku Thekerani. Ndinali wothira girizi m'makina a fakitale ya tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Sukulu sindinapite nayo patali. Zamagetsi ndinaziphunzira poyang'anitsitsa amisiri ndi pophwasula mawailesi akufa.

Nditapuma, ndinayamba kumanga esiteti yaing'ono pa chitseko chakale chogoneka pa njerwa. Mizere ya tiyi ndinaidula ku matiresi a siponji, n'kuipaka penti wobiriwira. Fakitale inali ya zitini, thirakitala ya mawaya. Poyamba zonsezi zinkangoima. Kenaka mnzanga wina wokonza mawailesi pamsika anayamba kundisungira timamota ta m'mawailesi a kaseti. Kamodzi kanazunguza fani ya fakitale, kena kanayendetsa thirakitala, ndipo timababu ta tochi tinayaka m'mazenera ndi mphamvu ya batire la foni.

Akazi anga, amene anathyola tiyi kuyambira pa utsikana wawo, ankandiseka.

"Abambo, anzanu akukolola nandolo, inu mwatsegula esiteti. Mudzandilemba liti ntchito?"

"Bwerani m'mawa ndi dengu lanu, amayi."

"Kapitawo wake inuyo? Bola ndikagulitse nthochi. Ndipo tiyi wanuyu amadzithyola yekha? Anthu ali kuti?"

Komabe alendo akabwera, ndiwo ankayamba kuwakokera kukhonde kuti akaone magetsi akuyaka.

2. Za matenda amene anagwa pakhomo

Tsiku lina akazi anga akuyanika zovala anagwa pabwalo. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, mawu nawo anapita. Titabwerera kunyumba, anagona chotembenukira kukhoma. Chakudya ankalandira ndikawapatsa, koma munthu sankamuyang'ana. Namwino anandilangiza kuti ndisaleke kuwalankhula, ndiponso ndifune chinthu chokopa maso awo, pakuti mwa ena mawu amabwerera.

Ndikufuna kunena momveka chimene ndinkafuna. Sindinayembekeze kuti adzayendanso. Ndinkafuna kumvanso mawu awo, ngakhale akhale onditonza.

Potero ndinaganiza zopanga munthu amene iwo anati akusowa pa esiteti yanga, wothyola tiyi, ndipo azithyola monga momwe iwo eni ankathyolera.

3. Za kapangidwe kake

Thupi ndinalipinda ndi waya, n'kuliveka kansalu kodula ku chitenje chawo chakale. Kumsana ndinamangirira kadengu, m'chiuno kapepala ka pulasitiki monga amachitira othyola poopa mame. Izi sizinavute. Chovuta chinali mota.

Mota ya kaseti imathamanga kwambiri. Nditailumikiza kumikono mwachindunji, mikono inazungulira ngati fani ndipo kadengu kanakagwera m'ndowa. Ndinachepetsa liwiro poika mawilo a zivindikiro, laling'ono kukoka lalikulu, ndi malamba odula ku chubu cha njinga. Pambuyo pake ndinaboola chivindikiro china pambali, osati pakati, ndi kulowetsamo sipoko ya njinga, kuti pozungulira chizikankha mkono kukwera ndi kutsika.

Wosadziwa angaganize kuti pamenepo ntchito yatha. Wothyola tiyi sakweza manja onse pamodzi. Manja amasinthana, lililonse kutsina masamba awiri ndi nsonga, ndipo chikhatho chikadzaza amaponya kudutsa paphewa kulowa m'dengu, osacheuka. Kuponyako kunandidyera masabata. Akazi anga anali ndi chizolowezi chawochawo: poponya ankapendeketsa mutu kumanzere, chizolowezi chimene ndinkawazindikira nacho patali pakati pa anzawo ambiri. Ichonso ndinachiika, ndi kaulusi kokoka khosi.

Ntchito yonseyi ndinkagwirira pambali pa bedi lawo, ndikufotokozera msana wawo chilichonse chimene ndachita.

"Lero kachidole kathu kadzimenya khofi, amayi. Mukanaona mukanaseka."



4. Za tsiku limene ndinawaonetsa

Linali masana. Ndinadula mzere umodzi wa tiyi, n'kuuika pa thabwa pamodzi ndi kachidoleko, ndi kukhazika pampando pafupi ndi bedi. Swichi ndinalibe, choncho ndinangopota mawaya awiri pamodzi. Mota inalira pang'onopang'ono. Manja anayamba kusinthana.

Akazi anga anatembenuza mutu.

Kuyambira pamene anatuluka m'chipatala anali asanachitepo zimenezi mwa kufuna kwawo. Ndinawathandiza kutembenuza thupi lonse. Maso awo anatsatira timanja tija, kutsina, kutsina, kuponya. Kamutu katapendekeka kumanzere, anatulutsa mpweya wamphamvu m'mphuno, ndipo ndinadziwa kuti adzizindikira. Posakhalitsa zala za dzanja lawo lamoyo zinayamba kutsina bulangete, kuyenda limodzi ndi mota.

Ndinakondwera kwambiri. Ndinati mumtima, mawu ali pafupi, ndisasokoneze. Choncho ndinasiya kuti kazithyolabe. Dzuwa linachoka pazenera kakuthyola. Zala zawo nazo sizinaleke. Kenaka ndinaona misozi ikutsikira kukhutu, ndi milomo ikulimbana.

Ndinagwada. "Nenani, amayi. Ndikumva."

Anavutika nthawi yaitali. Mawu atatuluka anali okhuthala, koma ndinawamva bwinobwino.

"Aweruke."

"Mwati bwanji?"

"Aweruke. Atopa."

Kuweruka ndiko kuchoka kumunda ntchito ikatha, masamba atayezedwa pa sikelo. Amene ine ndinkati ndi kachidole, iwo anati atopa, mwaulemu, monga amanenera munthu mnzawo wa mumzere. Pamenepo ndinaona chimene ndinapanga. Dengu lake silinkadzaza. Sikelo panalibe. Mayi wa mawayayo akanathyola kufikira batire litatha, ndipo ine ndikanalitchajanso.

Ndinalekanitsa mawaya. Manja anaima m'mwamba, limodzi lili paphewa. Akazi anga anapitiriza kuyang'ana, nkhope ili yosakhutira. Ndinazungulitsa wilo ndi chala mpaka manja atatsika. Anayang'anabe. Ndinamasula kadengu kumsana n'kukaika pansi. Apo ndi pamene zala zawo zinamasuka pa bulangete, ndipo anatseka maso.

5. Zotsatira

Masiku otsatira ndinayesa thirakitala, ndinayesa magetsi a fakitale, ndinayesa nyimbo za Chilomwe zimene ankaimba, ngakhale ndimazipotoza. Kukhoma sanatembenukirenso, ndipo nthawi zina ankandigwira dzanja. Koma mawu ena sanatuluke. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe.

Mayi wa mawaya uja ndinamuchotsa mumzere. Ndinamupinda miyendo, ndipo tsopano amakhala pansi m'mphepete mwa munda, atatambalala. Mota ikadali m'mimba mwake, yamoyo ndithu. Mawaya ake ndinawakulunga ndi tepi, lililonse palokha. Mnzanga wa mawailesi anandifunsa ngati ndingamubwezere motayo poti ikungokhala, ndipo ndinamupempha kuti andikhululukire.

Ndinapempha kumva mawu a akazi anga ndipo ndinapatsidwa. Sindikudandaula. Chokhacho n'chakuti sanali onena za ine, kapena za ana athu, kapena za ululu wawo. Mphamvu yonse imene inawatsalira anaithera popempherera mnzawo kuti apume.

Ndalemba ndi dzanja langa,
Ine mwamuna wa malemu.