Kansalu Pakati pa Masamba Awiri

Pa mabuku anga onse, limodzi lokha ndi lomwe anthu analimvadi, ndipo linatsala pang'ono kumuvula mkazi wanga bulauzi yoyera ya amayi a kutchalitchi.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ku Kaporo ndinabwera ndi choko m'manja, boma litanditumiza kudzaphunzitsa, ndipo ndinakwatira konkuno, mwana wa Ankhonde. Loweruka lililonse ndinkalemba. Patapita zaka ndinakasindikizitsa ku Mzuzu mabuku makumi atatu, nkhani ya mkazi wolima mpunga yemwe madzi osefukira anamukokolera munda. Aphunzitsi anzanga analandira, anayamikira chikuto, wina anakachirikizira mwendo wa tebulo. Sindinadandaule. Wolemba wa m'dziko muno anazolowera kuti omuwerenga okhulupirika ndi chiswe.

Tsoka linachokera kuchigayo cha mpunga. Ndinali nditasiya buku limodzi kwa bambo woyendetsa chigayocho. Tsiku lina magetsi atathima, amayi atakhalira matumba awo kudikira, bamboyo anatsegula bukulo n'kuyamba kuwawerengera, uku akumasulira m'Chinkhonde ndi kuthira ndemanga zakezake, monga amachitira aja olongolola m'Chiswahili m'makanema. Magetsi anatha masiku atatu osayaka. Anafika pa tsamba 64.

Pa tsambalo mkazi wa m'nkhani akudya mbalaga, nthochi zophika ndi nyama, m'mbale imodzi ndi bambo a mwamuna wake. Akucheza, akuseka, mkuluyo akumukankhira fupa lonona. Kwathunso apongozi timawaopa, koma kuno n'zina. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'ana nkhope ya apongozi ake aamuna, satchula dzina lawo, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire atafunda kumutu. Ndisaname kuti sindinkadziwa. Malemu bambo anga anakhala nafe konkuno miyezi itatu akudwala, ndipo mkazi wanga ankawaphikira, kuwachapira, kuwafunditsira madzi, chakudya n'kumachisiya pakhomo kuti ine ndilowe nacho. Koma nthawi imeneyo ndinali ndi matama. Ndinkati m'buku mwini wake ndi wolemba, akhoza kukhazika aliyense pomwe wafuna.

Lachinayi mkazi wanga anabwera kuchokera kumapemphero a amayi bulauzi ili m'chikwama.

"Abambo, akuti ndinadya ndi apongozi."

"Akutero ndani?"

"Akuti mwatero ndinu. Andiuza kuti ndisavale bulauziyi kufikira nkhani itakambidwa."

Anaipachika kuseri kwa chitseko. Bulauzi imeneyo anaivala zaka khumi ndi ziwiri, pamaliro ndi paukwati, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo. Ndinapsa mtima, koma pansi pa mkwiyowo panali manyazi.

Lamulungu titaweruka anatikhazika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Amayi anakhala pamikeka, akulu ampingo pabenchi, bambo wachigayo ali potero ndi buku ngati mboni. Wotsogolera amayi anali mayi wa magalasi, namwino wopuma pantchito, munthu woti akakuyang'ana umayamba kupinda mkono wa malaya wekha. Ankandiitana kuti asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi mwa Chitumbuka.

Ndinaimirira ndi mfundo zanga. Ndinati nkhani yopeka ndi yopeka. Ndinati ana anu omwewa amakhala m'kanema kuonera munthu mmodzi akuuluka m'mwamba, kumenya anthu makumi awiri chipewa osagwa, bwanji simunamuitanitse ameneyo?

"Ameneyo ndi wa kutali, asambizgi," anatero mayiwo. "Kwawo mwina amauluka. Inu mwalemba Kaporo. Mpunga wathu, mtsinje wathu. Ngati si akazi anu, tiuzeni ndi mwana wa ndani. Amakhala kuti?"

"Sakhala kulikonse, mayi. Kulibe."

"Anamwalira?"

"Sanabadwe n'komwe."

"Nanga mbalaga anadya bwanji?"

Ndisanayankhe, mkulu wina wa ndodo anakweza dzanja n'kunena kuti mkaziyo akumudziwa, anakumana naye pa Songwe akugulitsa zitenje, ndipo ngakhale pamenepo ankaoneka wopanda mwambo. Amayi awiri anavomereza kuti ndi wamtali. Ine amene ndinamulenga ndinati ndi wamfupi, koma anandiuza kuti ndidikire nthawi yanga.

Kenaka mayi wa magalasi anatenga bukulo, naliyang'ana nthawi yaitali, n'kupeza chomwe ine sindinachiganizepo. Mawu a apongozi aja anali pa tsamba lakumanzere, a mkamwana pa lakumanja. Anatseka bukulo pang'onopang'ono pamaso pa onse.

"Mwaona? Likatsekedwa akugundana nkhope. Ndipo limakhala chitsekere tsiku lonse."

Amayi ena anafunda kumutu. Mkulu wa ndodo anatembenukira kumpanda.

Apa ndinaona kuti sukulu yanga yonse siithandiza. Njira zinali ziwiri: mkazi wanga akhale wopanda mwambo, kapena ine ndikhale wabodza. Ndinayang'ana komwe anakhala, yekha kumapeto kwa mkeka, atavala bulauzi yamaluwa pakati pa zoyera. Basi ndinanena mokweza kuti ine, mphunzitsi wa ana awo, ndinanama kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo mkazi wanga sanayang'anepo nkhope ya bambo anga ngakhale kamodzi. Anandifunsa ngati ndinalipidwa kuti ndiname. Nditati ayi, anandimvera chisoni kwambiri.

Chigamulo chinali chakuti buku lililonse liikidwe kansalu pakati pa masamba awiriwo, kosokerera ndithu, kuti anthu aja asaonane. Zikatheka, mkazi wanga avale.

Ndinatha sabata ndikupalasa njinga kutolera mabuku. La pansi pa tebulo ndinachita kusiya njerwa m'malo mwake. Masana a Loweruka tinakhala pakhonde ndi mkazi wanga, mulu wa mabuku uli pakati, iye akudula chitenje chakale tizidutswa, ine ndikuboola ndi singano. Bukulo anali asanaliwerengepo. Ankati buku la mwamuna wako umangolipukuta fumbi. Titafika pa lomaliza anagwira dzanja langa.

"Tandiwerengerani kaye, ndimve zomwe ndinachita."

Ndinawerenga. Pa fupa lonona paja anaseka pang'ono. Nditamaliza anaika lumo pamwendo.

"Mbalaga yanga apongozi ankaikonda," anatero. "Mbale inkabwera ngati yotsuka. Ndinkamvera kuseri kwa khoma akutafuna. Koma apa simunalembe nkhope yawo. Ankaoneka bwanji akamadya, abambo?"

Ndinatsegula pakamwa, ine wa masamba mazana awiri. Miyezi itatu ndinkalowa ndi mbale ija, kuiika pampando, n'kuthamangira kukalemba. Ndinali ndi ufulu wonse wowayang'ana bambo anga, ndipo ndinalibe choti ndimuuze.

Anadikira ndithu. Kenaka anatenga singano m'manja mwanga n'kusokerera yekha kansalu komaliza.