Mlamu wanga ndi sikelo ya misomali

Mlamu wanga sanathamangepo chibadwire, kupatula tsiku lomwe galu wa aneba anamulondola. Ntchito yake ndi yogulitsa misomali ndi penti m'sitolo ya zomangira nyumba. Koma atangokwatira mng'ono wanga, amene ankapambana mipikisano yothamanga mtunda wautali kuyambira ali pasukulu, anagula wezulo, kapusi ndi wotchi yapakhosi, n'kulamula kuti tizimutchula a Kochi.

Mng'ono wangayo anzake amamutcha Kamphepo. Anali ndi mphunzitsi wake, mayi wina waimvi wodziwa ntchito, koma a Kochi anamuchotsako. Akuti mkazi sangaphunzitse mkazi mnzake kupirira. Ndondomeko yawo anaikopera pafoni, ya amuna othamanga, osasinthamo ngakhale chilembo chimodzi.

Kenako anabwera kunyumba ndi sikelo yakale yoyezera misomali, n'kuikhazika patebulo la kukhitchini pafupi ndi botolo la mchere. Chakudya cha mkazi wawo chinkayamba chakwera pasikelopo. Mkaka ayi, umanenepetsa. Mazira akaphika awiri, lachiwirilo linali lawo, pamwamba pa awo atatu. M'mawa Kamphepo ankathamanga makilomita makumi awiri, iwo akumutsata panjinga yamoto, mimba itakhala pathanki, akuliza wezulo ngati akupirikitsa mbuzi m'munda.

Ine ndine telala. Tsiku lina Kamphepo anabwera ndi siketi kuti ndimubwezere. Nditamuyeza m'chiuno ndinachita kuyang'ana tepi kawiri.

"Iwe, ukudya koma?"

"Ndikudya, akulu."

"Nanga kumwezi ukupita?"

Anazyolika. "Patha miyezi isanu ndi itatu. Si mimba, ndinayezetsa."

Ndinatseka shopu masana omwewo n'kukawapeza a Kochi kusitolo akusakaniza penti.

"Alamu, mwana uja wasiya kusamba. Mupite naye kuchipatala."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, inu zanu ndi singano. Chimenecho ndiye chizindikiro choti thupi lakhwima. Zijazi zinkangomutayitsa masiku. Panopa akuthamanga ngati mwamuna."

Kamphepo atayamba kudandaula msongolo, anati ndi manyado a akazi, n'kumupaka mafuta otentha a minofu, n'kuwonjezera makilomita asanu.

Mwendo unathyoka pampikisano, pamsewu wosalala, wopanda mwala kapena dzenje. Tinangoona munthu wakhala pansi, wagwira msongolo. A Kochi anafika poyamba, ndipo mawu awo oyamba ndinawamva ndi makutu angawa: "Dzuka! Akukupitirira!"

Kuchipatala dokotala, mayi wamagalasi, anapachika chithunzi cha mwendowo powala. Kuwonjezera pothyokapo panali ming'alu ina iwiri yakale. Atamva za msambo anavula magalasi. Anati thupi la mkazi likamagwira ntchito yoposa chakudya chimene likulandira, limayamba laimitsa msambo, ndipo msambo ukaima nthawi yaitali mafupa amafumbwa. Anati mafupa a mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi ameneyu anali ngati a mayi wokalamba.

"Amamukonzera zakudya ndani?"

A Kochi anayang'ana kudenga. "Amasankha yekha, adokotala. Akazi amasiku ano safuna kunenepa. Ine ndayankhula mpaka kutopa."

Kamphepo anangotembenukira kukhoma. Ndinayankha ndine, ndipo anamwino anachita kunditulutsa.

Ndinamutengera kwathu ndi chikhakha chake kumwendo. Masiku oyambirira ankati akadya theka la mbale, n'kuyang'ana kukhomo ngati waba. Patatha miyezi isanu anandiitana ali kubafa kuti ndimupatsire thonje, msambo wabwerera. Tinalira tonse awiri ngati zitsiru.

Anabwerera kwa mwamuna wake. Ndinamuletsa, koma ukwati ndi wake. Anangoika lamulo limodzi, loti za miyendo yake azilamula ndi mayi waimvi uja, amene panopa akumuyendetsa pang'onopang'ono kuzungulira bwalo.

A Kochi ali pomwe paja kuseri kwa kauntala. Ukangolowa kukagula loko, konzeka. Akufotokozera za mafupa a akazi, za msambo, za kufunika kwa mkaka, chala chili m'mwamba. Sabata yatha ndinawamva akuuza kalipentala wina kuti matenda a mkazi wawo anayamba kuwatulukira ndi iwo, madokotala anangovomereza.