Akopolo Agona ku Liwaladzi

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sikunali kugona kwenikweni, ndinangotsamira khoma pakati pa amayi ena m'nyumba ya siwa. Bambo anga anali chigonere pamphasa pakati pa chipinda, atawafunditsa nsalu yoyera, nyali ikuzilala kumutu kwawo. Panja amuna ankaimbabe nyimbo za mpingo, koma mawu anali atasasa. Unali mwezi wa Juni, m'zaka za Chitaganya, ndipo mwera unachezera kuwomba.

Ndinatuluka kukathandiza kusonkha moto. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anali atayala kale mafuwa, ena akupeta mpunga watsopano, ena akusefa ufa wa kondowole. Utsi sunkakwera, mphepo inkangoukankhira m'maso mwathu. Kugombe kunali zii. Mabwato onse anali pamtunda, palibe msodzi amene anakhudza nkhafi tsiku limenelo.

Bambo mudzi wonse unkawatchula kuti Akopolo, potengera udindo wawo wa kuusilikali. Anapita kunkhondo ine ndili wamng'ono, anayambira ku Zomba mpaka kukafika ku Burma, ndipo anabwerako akutsimphina, khutu limodzi litagontha. Za nkhondo sankakonda kukamba. Chomwe tinkaona ndi chakuti amayi akadwala iwo ankatenga ndowa kupita kunyanja, amuna anzawo akuseka. Ankatipesa tsitsi Lamulungu m'mawa ndi kutiyendetsa pamzere kupita kutchalitchi, ife ndi ana amasiye a mng'ono wa amayi, osasiyanitsa. Ndipo m'mudzi mukagwa maliro, kaya a Mkhristu kaya a Msilamu, khasu loyamba kumanda linali lawo. Ankati kunkhondo anasiya anzawo ambiri osawafotsera bwino, ndiye kuno sangalole.

Koma m'mawa umenewo kunacha khasu lisanagwe pansi. Bambo sanali a ku Liwaladzi. Anabadwira ku Mwadzama, kuno anabwera ngati mkamwini, ndipo pa mwambo wathu mwamuna amakagona kwa amayi ake. Uthenga unali utapita pa njinga tsiku lomwe anatisiya. Adzukulu anangokhala pansi pa mtengo wa mango, makasu ali pambali, kudikira mawu a eni ake. Amayi ndinkawaona akucheukira kumsewu nthawi ndi nthawi.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Ena anachokera ku Dwambazi wapansi, atafunda mabulangete, mapazi ali mbuu. Asilamu a m'mphepete mwa nyanja anabwera atavala mikanjo yoyera, akazi awo atasenza nkhuni ndi nsomba zouma. Kenaka kunatulukira asilikali akale. Anali atavala makabudula a khaki ochapidwa mpaka kuyera, mamendulo pachifuwa, ambiri opanda nsapato. Wina anali ndi dzanja limodzi. Sanakhale pansi monga achitira anthu pamaliro. Anaima awiri pakhomo la nyumba, uyu mbali iyi uyu mbali iyo, n'kumasinthana.

Cha m'mamawa ndithu tinamva lole ikuima kumsewu. Anatsika azakhali, mlongo wamkulu wa bambo, ndi ana awo aamuna. Loleyo anaipempha kwa mmwenye wina wa paboma, ndipo tonse tinadziwa chomwe inabwerera. Azakhali analowa m'nyumba akulira, anavundukula nkhope ya mlongo wawo n'kuigwira ndi manja awiri. Atatuluka, akuluakulu anakhala pansi kuseri kwa nkhokwe. Ine, monga mwana woyamba, anandiitana kuti ndikamve.

Amalume, mchimwene wa amayi, ndiwo anapempha. Munthu ameneyu kale sankawawerengera bambo, ankawatuma ngati mkamwini wina aliyense. Tsikulo anavula chipewa n'kugwada pa dothi pamaso pa munthu wamkazi.

“Mayi, mwambo tikuudziwa, munthuyu ndi wanu,” anatero. “Koma palibe banja m'mudzi muno limene sanalikumbire manda. Tiloleni nafe timukumbire.”

Poyankha, azakhali sanakweze mawu.

“Kunkhondo ndinaperekeza alongo anga awiri. Wamng'ono anatsala komweko, mpaka lero sindidziwa pamene anagona. Amayi anamwalira akumuitana. Uyu yekha ndiye anabwerera. Ndiye mukuti nayenso ndimusiye kwa eni?”

Ngakhale ine, amene ndinkafunitsitsa kuti bambo agone pafupi nafe, ndinaona kuti sakulakwa. Mphepo inkangogwedeza udzu wa pankhokwe. Mwana wina wa azakhali anaimirira kuti akauze woyendetsa lole akonzeke.

Pamenepo amayi anatuluka m'nyumba, chinthu chomwe namfedwa sachita. Anafika n'kukhala pafupi ndi azakhali.

“Alamu, sindikukanizani,” anatero. “Ndingokupemphani mukaone malo amodzi, kenaka muchite zomwe mtima wanu ufuna.”

Anatengana awiriwiri kupita kumanda, ine ndikuwatsata pambuyo. Amayi anawaonetsa kamtumbira kakang'ono kozunguliridwa ndi miyala yoyera ya kunyanja. Anali manda a mlongo wanga amene anabadwa bambo atangonyamuka kupita kunkhondo, n'kumwalira iwo asanabwere. Bambo sanamuonepo. Miyalayo anaitola okha, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha ankabwera kudzalambula. Pambali pake panali malo opanda udzu, pamene ankakhala akamaliza.

Azakhali anayang'ana malowo, kenaka anandiyang'ana ine.

“Iwe, udzalambula pano?”

“Ndidzalambula, azakhali.”

“Ukadzakwatiwa kutali?”

“Mwamunayo ndiye adzabwere kuno.”

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anati lole ibwerere, koma khasu loyamba aponye ana awo, kuti kwawo akanene kuti anamuika okha mtsibweni wawo.

Mawu atafika kumudzi adzukulu anadzuka onse pamodzi. Anthu okumba anachuluka kuposa makasu. Mkhristu akatopa, Msilamu ankalandira, ndipo manda omwe akanatenga theka la tsiku anatha dzuwa lisanafike pamutu. Bokosi linali lokonzeka kale. Mmisiri anachezera kulikhoma ndi matabwa a mlombwa omwe bambo anasungira chitseko cha nyumba yanga.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Patsogolo panali mtanda, kenaka mphunzitsi wa mpingo ndi buku lake, popeza wansembe anali kutali. Asilikali akale ndiwo anatulutsa bokosi m'nyumba. Anayenda nalo pang'onopang'ono, mwendo umodzi onse, mmodzi akuwerengera chapansipansi m'chinenero cha kunkhondo. Atafika pa mtengo wa mango anapatsira amuna a m'mudzi, ndipo kuchokera apo bokosi linkangoyenda pamapewa, aliyense kufuna kugwirako. Nditacheuka ndinaona kuti mzere wa anthu sunathe kutuluka pabwalo pathu pamene oyamba ankalowa kumanda. Ndinalira, koma mutu sindinaweramitse. Ndinkafuna aliyense aone kuti ine ndine mwana wa munthu ameneyu.

Mapemphero atatha, asilikali anaima pamzere, manja pachipumi. Nkhalamba ina inatulutsa lipenga lopindika m'thumba la chiguduli. Mpweya unkaithera, mawu ankaduka n'kuyambiranso, koma inaimba mpaka kumapeto. Palibe amene anatsokomola. Kenaka amayi ndi azakhali anaponya dothi limodzi, ndipo makasu anayamba.

Anthu anadya n'kumabalalika, a kutali poyamba. Pofika madzulo mwera unaleka. Pabwalo panatsala phulusa, mafuwa akuda ndi mphasa zobwereka zitapindidwa. M'nyumba munkaoneka mwamukulu kuposa kale. Ana anagona osavula, ataunjikana pakona.

Tinatsala atatu pakhonde, amayi, azakhali ndi ine, osayatsa nyali. Patapita nthawi azakhali anati, “Mukudziwa kuti ali mwana ankaopa achule? Akaona chule pakhomo ankalira mpaka ine ndimubereke.”

Amayi anaseka, koyamba chiyambire matenda a bambo. Anaseka mpaka kugwira pamtima.

“Akopolo?”

“Omwewo.”

“Nanga bwanji sanandiuze zaka zonsezi?”

“Akanayamba bwanji, ndi mamendulo onse aja?”

Kenaka amayi anasendera pafupi ndi mlamu wawo n'kunena kuti, “Musapite mawa. Mundiuze zina.”